Mvula Yotsiriza, Nkhungu ndi Masiku a Dzuwa: Zoyenera Kuchita mu Blantyre Masika Akamayamba

Kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Meyi, nyengo ya mu Blantyre ndi yosapanganika. Dzinja silinatheretu, chisanu nachonso sichinafike. M'sabata imodzi mukhoza kuona mvula yamabingu Lolemba, nkhungu yophimba phiri la Soche Lachitatu, Lachisanu dzuwa lili phwee loti munthu n'kuyanika chimanga. Pa zitatuzi, chomwe chimapusitsa anthu ndi mvula. Mvula yambiri imagwa mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo ya mu Epulo kawirikawiri siifika n'theka la ya mu Malichi, ndiye anthu amatayirira poganiza kuti zoopsa zadutsa. Amaiwala kuti nthaka ya mu Malichi yakhala ikumwa madzi kwa miyezi itatu kapena inayi. Yakhuta. Mvula yomwe mu Disembala ikanalowa pansi mosavuta, mu Malichi imayenderera pamwamba, kufewetsa maziko a nyumba ndi kusuntha dothi la m'mapiri.

Napolo wa ku Phalombe anachitika mu Malichi 1991. Mvula yomwe inabwera ndi namondwe wa Idai inagwa mu Malichi 2019, Gombe anafika mu Malichi 2022, ndipo Freddy, amene anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anafika mu Malichi 2023. Nyengo ya anamondwe kumbali ino ya nyanja ya mchere ya India imatsekedwa pa 30 Epulo. Tsikuli lisanafike, musachotse maso pa ulosi wa zanyengo.

Choyamba: werengani ulosi moyenera

Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, yomwe likulu lake lili momwemuno mu Blantyre, imatulutsa ulosi wamitundu ingapo: wa dzinja lonse, wa masiku ochepa akubwera, wa tsiku ndi tsiku, komanso machenjezo apadera kukamabwera namondwe kapena mvula yamphamvu. Umamveka pa wailesi monga MBC ndi Zodiak, umapezekanso pa tsamba la nthambiyi la Facebook. Ulosi wa dzinja lonse umathandiza posankha mbewu, koma sungakuuzeni tsiku lokolola. Pa ntchito za masika, dalirani wa masiku ochepa ndi wa tsiku ndi tsiku, ndipo muziumva madzulo aliwonse, chifukwa njira ya namondwe imasintha usiku umodzi. Freddy anadutsa koyamba, nabwerera kunyanja, kenako n'kudzalowanso kumtunda kachiwiri.

Mukamamva ulosi, gwirani mawu onena za mphepo. Akatchula mpweya wochokera ku Congo kapena mkumano wa mphepo, yembekezerani kutentha kwa chinyontho, mitambo yotukuka masana, ndi mvula yamabingu yogwa malo ena n'kusiya ena. Akatchula namondwe kapena mpweya wopepuka womwe wakhazikika panyanja pakati pa Mozambique ndi Madagascar, konzekerani mvumbi wa masiku awiri kapena atatu, womwe ndiwo woopsa kwa okhala m'mbali mwa mapiri. Akatchula mphepo yozizira yochokera kum'mwera chakum'mawa, ndiye kuti chiperoni chayandikira: mitambo yotsika, nkhungu, ndi mvula ya mawawa. Dzina lakeli linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali yomwe mphepoyi imadzera. Chiperoni chenicheni chimakula kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, koma mu Epulo chimayamba kale kuonekera. Mphepo yomweyi ikafika pa nyanja ya Malawi ndi ija asodzi amaitcha mwera.

Kenako kumbukirani kuti Blantyre si malo amodzi. Limbe, Bangwe ndi Chigumula ndi okwera ndipo amayang'anizana ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, choncho nkhungu ndi mawawa zimayambira kumeneko n'kukhalitsa. Chileka, Lunzu ndi mbali yotsikira ku Shire ndi kotsika, kotentha, ndipo mvula yake imachepa. Ulosi ukati "madera okwera a m'chigawo cha kummwera", wa ku Bangwe atenge juzi ndi ambulera, wa ku Chileka akhoza kuyanika zovala tsiku lomwelo.

Chachiwiri: yezani mvula pakhomo panu

Izi anthu ambiri amaziona ngati zachibwana, koma n'zimene zimakuuzani kuti nthaka ya pamalo panu yakhuta motani. Tengani botolo la pulasitiki la malita awiri lomwe m'mbali mwake ndi mowongoka. Lidule cha kumtunda, pomwe layamba kuchepa. Popeza pansi pa botolo si posalala, ikanimo timiyala, thirani madzi mpaka aphimbe timiyalato, ndipo lembani mzere pamenepo. Mzerewo ndiwo ziro. Kuchokera pa ziro, lembani mamilimita pogwiritsa ntchito lula ya mwana wa sukulu. Mangirirani botolo pa mtengo woima chilili pabwalo, kutali ndi denga kapena mtengo wa masamba mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa chinthucho. Werengani m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi, monga 8 koloko, lembani m'kope, khuthulani, n'kubwezeretsa madzi pa ziro. Cholakwika chofala n'kuiwala kuti dzuwa limaumitsa madzi a pa ziro aja, ndiye mvula imaoneka yochepa kuposa yomwe yagwa.

Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo otalika mita imodzi, mulifupi mita imodzi. Denga la mamita 10 mulitali ndi 8 mulifupi likalandira mvula ya mamilimita 50, limatsitsa malita 4,000, omwe ndi madiramu 20 a malita 200. Madzi onsewo amatera m'mphepete mwa chipupa chanu usiku umodzi. Mamilimita 50 pa tsiku ndi mvula yamphamvu paliponse. Koma mu Malichi musayang'ane tsiku limodzi lokha: phatikizani masiku atatu otsatizana. Mvula ya mamilimita 30 yogwa tsiku lachitatu la mvumbi ikhoza kuononga kuposa ya mamilimita 60 yogwa pa nthaka youma.

Chachitatu: patsani madzi njira mvula isanabwere

Yambani kumtunda kwa nyumba, osati kumunsi. Madzi omwe amagwetsa nyumba nthawi zambiri amachokera kwa anansi a kumtunda kapena mumsewu. Kumbani ngalande yopingasa kumtundako, yakuya masentimita 30 ndi mulifupi 30, yotsetsereka pang'ono, pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse, kuti ikatsire madziwo mu ngalande yaikulu kapena mumtsinje. Ikatsetsereka kwambiri imadzikumba yokha n'kusanduka chigwembe, ndiye pamalo otsika kwambiri yalani miyala pansi pake. Kambiranani ndi a kumunsi musanakumbe. Kutsira madzi pakhomo pa mnzanu n'kusamutsa vuto chabe, ndipo milandu yotere siichedwa kufika kwa amfumu.

Chotsani zinyalala m'ngalande ndi m'mapaipi a pansi pa msewu omwe ali pafupi nanu. Mapepala a pulasitiki, mabotolo ndi mchenga ndi zomwe zimatseka milatho ing'onoing'ono ya pa Mudi, Naperi ndi Nasolo, madzi n'kubwerera m'nyumba za anthu. Zomwe mwavuula musaziunjike m'mphepete mwa ngalande, chifukwa mvula yotsatira izibwezera momwemo.

Kenako zungulirani nyumba. Nyumba ya zidina imayamba kugwa kuchokera pansi, pomwe madzi a padenga amadontha n'kuthovukira pa chipupa. Kwezani dothi kuzungulira maziko kuti litsetserekere kunja, lipondeni mwamphamvu, ndipo pomwe pamatera madzi a padenga yalanipo miyala kapena zidutswa za njerwa zowotcha. Ngati pali mng'alu pa chipupa, lembani ndi makala pomwe wathera ndi tsiku lake. Ukapitirira mzerewo mawa lake, kapena chala chikayamba kulowa pomwe dzulo sichimalowa, musagone m'chipinda chimenecho.

Mpanda wa njerwa nawo ndi woopsa, makamaka womwe ukutchinga dothi la kumtunda. Ukakhala wopanda mabowo otulutsira madzi cha pansi, umasanduka damu. Boolani mabowo pa mzere wachiwiri wa njerwa, motalikirana pafupifupi mita imodzi, ndipo ana asamasewere kapena kubisala mvula m'mphepete mwake.

Matumba a mchenga otchinga pakhomo musawadzaze. Thirani mchenga mpaka theka kapena kupitirira pang'ono, pindani kukamwa kwake, n'kuwasanja mopingasana ngati njerwa, mukuwaponda. Thumba lodzaza kwambiri limakhala lozungulira ndipo limasiya mipata.

Chimbudzi chokumba chiyang'aneni mosamala. Dothi likanyowa, dzenje losamangira limagumuka m'mbali, pansi n'kutitimira. Mukaona ming'alu kuzungulira, kapena chitseko chayamba kukanika kutseka, lekani kuchigwiritsa ntchito.

Chachinayi: mvula yamphamvu ikayamba

Kwa okhala m'mbali mwa Soche, Ndirande, Bangwe, Mpingwe ndi Michiru, funso lalikulu ndi loti tichoke liti. Yankho lake ndi lakuti muchoke kudakali kowala. Matope ambiri amatsika mvumbi utagwa maola ochuluka, nthawi zina usiku, magetsi atazima ndipo njira sizikuoneka. Chenjezo la namondwe likaperekedwa ndipo a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kapena a khonsolo anena kuti anthu asamuke, tengani ana, okalamba ndi odwala kupita nawo ku sukulu, ku tchalitchi kapena kwa abale okhala malo otetezeka. Musadikire kuona madzi.

Zizindikiro zoti phiri layamba kusuntha ndi izi: ming'alu yatsopano pa nthaka kumtunda kwa nyumba, mitengo ndi mapolo a magetsi zopendekeka, madzi otumphuka pamalo pomwe sipanatulukepo kasupe, ndi timiyala togubuduka tokha. Choopsa kwambiri ndi mtsinje womwe waphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe. Zikatero, ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndi matope ndi mitengo, ndipo chotchingacho chikaphulika zonse zibwera pakamodzi. Mukamva kulindima ngati lole yolemera ikutsika phiri, thawirani cham'mbali, mopingasa phirilo. Wothawira kumunsi amathamanga m'njira ya matope omwewo, ndipo sangawapose liwiro.

Chikwama chothawa nacho chikhale chokonzeka pafupi ndi khomo: zitupa, mabuku a kuchipatala, mankhwala a omwe amamwa tsiku ndi tsiku, tochi, foni yotchaja, bulangete, zonse zokulunga m'pulasitiki.

Madzi oyenda musawayese. Ofika masentimita 15 okha, cha m'kakolo, amagwetsa munthu wamkulu ngati madziwo akuthamanga, ndipo ofika masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Madzi amatope amabisanso maenje ndi milatho yodyeka pansi. Wakabaza akakuuzani kuti "tidutsa, bwana", tsikani. Mitsinje ya mu mzinda muno imadzaza msanga chifukwa imachokera m'mapiri apafupi, koma imaphwanso msanga. Kudikira ola limodzi kumakwanira nthawi zambiri.

Za mphenzi, werengani masekondi pakati pa kung'anima ndi kugunda kwa bingu. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, lowani m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo, ndipo dikirani mphindi 30 chigundire bingu lomaliza. Madzi akayamba kulowa m'nyumba, zimitsani magetsi pa swichi yaikulu manja ali ouma, mutaima pouma. Waya wa magetsi wogwa pansi mutalikireni mamita 10 ndipo dziwitsani a ESCOM.

Chachisanu: sungani madzi akumwa mvula ikadali kutali

Zimaoneka zodabwitsa kuti mipopi imauma pomwe mvula ikugwa, koma chifukwa chake n'chodziwika. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry n'kukwezedwa mtunda wautali ndi makina a magetsi. Magetsiwo amapangidwa pa Shire pomwepo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mtsinje ukadzaza ndi matope ndi zinyalala, zonse ziwiri zimavutika. Namondwe wa Ana, mu Januwale 2022, anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linakhala ndi magetsi operewera kwa nthawi yaitali. Choncho chenjezo likangomveka, tungani. Werengerani malita osachepera 15 pa munthu pa tsiku. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likufunika malita 270 pa masiku atatu, omwe amakwana mu diramu imodzi ndi zigubu zinayi za malita 20.

Madzi a pachitsime kapena mumtsinje mvula itagwa amakhala atasakanikirana ndi zotuluka m'zimbudzi zosefukira. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu ambiri kuposa ina yonse m'dziko muno, unayamba namondwe wa Ana atadutsa. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena thirani WaterGuard, chotsekera chimodzi mu malita 20, n'kudikira mphindi 30. Madzi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsalu yoyera, chifukwa matope amamaliza mphamvu ya mankhwala. Munthu akayamba kutsekula m'mimba mwamadzimadzi, mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo ali pa ulendo wa kuchipatala. Ikasowa, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa.

Chachisanu ndi chimodzi: nkhungu

Nkhungu ilipo ya mitundu iwiri, ndipo kuisiyanitsa kumakuthandizani kukonza tsiku. Yoyamba imabwera m'mawa kutacha usiku wopanda mitambo ndi mphepo, nthaka idakali yonyowa. Imakhala m'madambo ndi m'zigwa, ndipo dzuwa likakwera, cha m'ma 8 kapena 9 koloko, imabalalika. Imeneyi ndi chizindikiro chabwino: tsikulo kawirikawiri limakhala la dzuwa. Yachiwiri ndi ya chiperoni. Imabwera ndi kamphepo kozizira, imayambira pamwamba pa mapiri n'kutsika, imanyowetsa ngakhale simukuona madontho, ndipo ikhoza kukhala masiku awiri mpaka anayi. Mukadzuka n'kuona kuti Mpingwe ndi Soche sakuoneka koma masamba a mitengo akugwedezeka, musatulutse chimanga.

Pamsewu, malo ovuta ndi odziwika: msewu wa ku Thyolo podutsa Chigumula ndi Bvumbwe, msewu wa Midima, msewu wa ku Zomba, ndi zitunda zokhotakhota za msewu wotsikira ku Chikwawa. Yatsani magetsi a dimu. A fulu amawalitsa timadontho ta nkhungu n'kukubwezerani kuwalako m'maso. Mahazadi asungireni nthawi yomwe mwaima, chifukwa mukayenda nawo wokutsatani sadziwa ngati mwaima, ndiponso simungathe kusonyeza kuti mukukhota. Liwiro likhale loti mukhoza kuima m'kati mwa mtunda womwe mukuona. Pa makilomita 80 pa ola, galimoto imafuna mamita oposa 50 kuti iime pa msewu wouma, ndipo pa wonyowa imafuna ochuluka kuposa apo. Ngati mukuona mamita 30 okha, makilomita 40 pa ola ndi okwanira. Siyani mpata wa masekondi asanu ndi limodzi pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo. Musatsatire magetsi ake ofiira ngati chingwe, chifukwa akalowa m'ngalande mulowa naye. Yang'anani mzere wa m'mphepete kumanzere kwanu, koma mukukumbukira kuti kumeneko n'komwe kumayenda ana a sukulu, anjinga za makala ndi amayi osenza ndiwo kupita ku msika wa Limbe.

Galasi lakutsogolo likachita nthunzi m'kati, lozetsani mpweya pagalasipo, yatsani AC ngati ilipo, kapena tsegulani mawindo pang'ono. Kupukuta ndi dzanja kumasiya mafuta omwe amamwaza kuwala usiku. Sinthani mawaipa olimba, ndipo matayala omwe mizere yake yatsala yochepera mamilimita atatu sagwira bwino msewu wonyowa. Potsika ku Chikwawa gwiritsani giya yotsika m'malo mopondereza mabuleki njira yonse. Oyenda pansi ndi akabaza avale zowala.

Kunyumba, chiperoni chimabweretsa ngozi ina yomwe sikambidwa mokwanira. Kukazizira, anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mawindo. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wosanunkha, womwe umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tosadzukanso. Otherani mbaula pakhonde kapena mawindo ali otsegula, ndipo muitulutse musanagone. Mwana wamng'ono akamatsokomola, kupuma mofulumira ndi kulowa m'nthiti, n'kutheka kuti ndi chibayo, ndipo afunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Alimi a tomato ndi mbatata ya kachewere ku Bvumbwe ndi madera ozungulira amadziwa kuti chinyezi chozizira chimabweretsa chiwawu. Mankhwala ngati Dithane amateteza masamba omwe sanagwidwe, sachiza omwe apsa kale, choncho poperani ulosi ukangotchula chiperoni, masamba ali ouma, motsatira muyezo wolembedwa pa paketi.

Chachisanu ndi chiwiri: masiku a dzuwa ndi ochepa, asankhireni ntchito

Mu Epulo masiku ouma amabwera atatu kapena anayi, kenako mitambo n'kubwerera. Ntchito yoyamba pa masiku amenewa ndi chakudya. Khoma likhoza kudikira mpaka Juni, koma chimanga chonyowa chimayamba chuku m'masiku ochepa.

Chimanga chakhwima ngati mukachotsa njere pa chitsononkho, pansi pake pali kadontho kakuda. Chikakhwima koma mvula ikupitirira, pindani phesi pansi pa chitsononkho kuti chiyang'ane pansi, madzi asamalowe m'makoko. Ngati mwadula n'kuimika m'mikukwe, ikhale yaing'ono kuti mphepo izidutsa, ndipo isakhalitse, chifukwa chiswe ndi mbewa zimayambira pansi pake. Zogwa pansi ndi zoola musaziphatikize ndi zabwino. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe satha ndi kuphika kapena kugayitsa, amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kupatsa nkhuku kapena ng'ombe za mkaka chimanga choolacho si njira yothawira, popeza poizoniyo amadutsira mu mkaka ndipo amadwalitsa ziweto.

Yanikani pa lona, pa mphasa kapena pa simenti, osati pa dothi, lomwe panopa likutulutsabe chinyezi. Mame a mu Epulo ndi ochuluka, choncho tulutsani chimanga cha m'ma 9 koloko ndi kuchilowetsa isanakwane 4 koloko. Chotonola chiyalidwe mopyapyala, osapitirira masentimita asanu, ndipo chitembenuzidwe ola lililonse kapena awiri. Pambali pakhale lona ina yophimbira, ndipo munthu asachoke pakhomo. Mvula ya masika imabwera ndi kamtambo kamodzi, ndipo mphindi khumi zokha zimabwezera m'mbuyo ntchito ya masiku awiri. Madzulo musachiphimbe chikadali chotentha, chifukwa chimatuluka thukuta pansi pa lona.

Chosunga chiyenera kuuma mpaka chinyontho chitsike kufika pa 13 peresenti. Kuluma njere n'kumva kuti yathetheka kumathandiza, koma kuyesa ndi mchere n'kodalirika kuposa apo. Umitsani mchere padzuwa kapena pa chiwaya. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mcherewo, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, n'kulisiya mphindi 15 musanakhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Ukagwa pansi wonse, chauma. Botolo lonyowa kapena mchere wa chinyezi zimanamiza, n'chifukwa chake muyambe mwakhutchumula mchere wokha kuti muone ngati sukumata.

Chikauma, thirani mankhwala a nankafumbwe monga Actellic pa muyezo wolembedwa pa botolo, mukusakaniza bwino ndi fosholo pa lona, kapena sungani m'matumba osalowa mpweya a PICS, omwe safuna mankhwala. Matumba amenewa amalephera pa zifukwa ziwiri: kabowo kakang'ono m'pulasitiki ya m'kati, ndi chimanga chosauma, chomwe chimasasa m'katimo. Pulasitiki iliyonse imangidwe payokha mutafinya mpweya. Sanjani matumba pa matabwa okwera masentimita 15 kuchokera pansi, motalikirana ndi chipupa theka la mita, chifukwa makoma a nyumba amakhala akadali ndi chinyezi cha dzinja mpaka Meyi.

Mtedza ukumbidwe tsiku louma ndipo uume uli ku mitengo yake, makoko ali pomwe mphepo ikuwapeza, osakhudza dothi. Musauwaze madzi pofuna kuti usendeke mosavuta. Chizolowezi chimenechi ndicho chimabweretsa chuku pa mtedza womwe unali bwino.

Mukatha za chakudya, chotsani madzi odikha. Udzudzu umatenga pafupifupi sabata imodzi kapena masiku khumi kuchokera pa dzira kufika pouluka, ndipo zithaphwi zomwe mvula yamphamvu inkazikokolola, panopa zimakhala bata padzuwa. N'chifukwa chake malungo sachepa mvula ikangoleka. Kwirirani maenje, vundikirani madiramu, boolani matayala akale, ndipo neti isachotsedwe.

Denga likonzedwe tsiku lachiwiri la dzuwa, malata ataumiratu, m'mawa mame atatha. Msomali ukhomedwe pamwamba pa msana wa lata, osati m'ngalande yake momwe mumayenda madzi. Malata aphimbane masentimita osachepera 15 kumapeto kwake. Pondani pomwe pali mzere wa misomali, popeza pansi pake m'pomwe pali thabwa, ndipo yang'anani matabwa omwe adyedwa ndi chiswe musanakwere.

Pulasitala ndi penti zidikire. Chipupa chonyowa chikamatidwa simenti kapena penti, chinyezi chimatsekeredwa m'kati, ndipo pakatha miyezi iwiri zonse zimatukumuka n'kuyoyoka. Kuti mudziwe ngati chauma, matani pepala la pulasitiki la masentimita 30 mbali zonse pa chipupacho ndi tepi, n'kulisiya usiku umodzi. Mukapeza timadontho kuseri kwake, dikiraninso sabata ziwiri. Pomata pansi pa chipupa pomwe pamathovukira madzi, sakanizani muyezo umodzi wa simenti ndi inayi ya mchenga wosefa, ndipo muziwaza madzi kwa masiku asanu ndi awiri kuti ilimbe. Oumba njerwa ayambe Meyi atapita ndithu, ndipo akhale ndi udzu kapena pulasitiki yophimbira, chifukwa mawawa a usiku umodzi amasungunula njerwa zosawotcha za sabata yonse.